Helimeti yowotcherera: kuyamba n'kuona nambala ya galasi, mtengo pambuyo

Pa Lirangwe, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Zalewa, ntchito ya wowotcherera siigogoda pakhomo. Lole imaima ndi chogwirira sipuling'i chothyoka, minibasi imafika ekizozi ikukhwekhwerezeka pansi, wa kabaza wa njinga yamoto amabwera ndi kaliyala yosweka, ndipo onsewo amafuna kunyamuka dzuwa lisanalowe. Ku Chileka, kuyambira pa Kameza mpaka kufupi ndi bwalo la ndege, nkhani ndi yomweyo. Magetsi akakhala kuti anazima m'mawa n'kubwera masana, ntchito ya tsiku lonse imapanikizika m'maola atatu. Nthawi ngati imeneyi ndi yomwe mmisiri amatola magalasi a dzuwa, kapena kachidutswa ka galasi lakuda komangirira pa katoni, kapenanso amangotsinzina n'kugunda rodi pa chitsulo.

Malipiro ake amabwera usiku. Patatha maola 6 mpaka 12, munthu amadzuka maso akuwotcha ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, ndipo ngakhale kuwala kwa tochi ya foni kumamupweteka. Chomwe chachitika n'chakuti khungu lopyapyala la pamwamba pa diso lapsa ndi cheza cha UV, chomwe moto wa rodi umatulutsa chambiri ngakhale sichioneka. Kawirikawiri diso limachira lokha pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo n'chifukwa chake amisiri ambiri amangoti ndi mbali ya ntchito. Koma masiku awiriwo galaja imakhala yotseka, lole ija imapita kwa mnzake wa patsidya pa msewu, ndipo lendi ya shedi siidikira. Palinso zomwe sizichira. Cheza chomwechi, pamodzi ndi kutentha kosaoneka kwa infrared, kukamagunda diso zaka ndi zaka kumafulumizitsa ng'ala, ndipo kuwala kwamphamvu kungawononge mbali ya m'kati mwa diso imene imaona. Mu 2017 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika cheza cha UV chochokera ku kuwotcherera, komanso utsi wake, m'gulu la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Choncho helimeti si chokongoletsera galaja. Ndi chida cha ntchito ngati makina owotcherera omwewo, ndipo kusankha kwake kuli ndi malamulo ake.

Nambala ya galasi

Galasi lililonse lenileni lowotcherera lili ndi nambala, imene pa bokosi amailemba ndi mawu oti shade kapena DIN. Nambala ikamakwera, galasi limanka lidera. Koma kuda kwake sikukwera pang'onopang'ono ngati masitepe. Galasi la nambala 3, lomwe n'lofanana kuda ndi magalasi abwino a dzuwa, limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a kuwala. La nambala 5 limalowetsa gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 50. La nambala 10 limalowetsa gawo limodzi lokha mwa magawo opitirira 7,000. Kutanthauza kuti wovala magalasi a dzuwa powotcherera ndi rodi akulandira kuwala kochuluka pafupifupi ka 1,000 kuposa mnzake wa nambala 10, osawerengera cheza cholowera m'mbali, m'mwamba ndi m'munsi mwa magalasiwo, ndiponso nkhope yake yomwe ili pamtunda.

Nambala yoyenera imatengera mphamvu ya moto umene mmisiri akugwiritsa ntchito. Rodi ya 2.5 mm, yomwe m'mashopu ambiri amaitcha geji 12, imawotcha bwino pakati pa maampu 60 ndi 100, ndipo imafuna galasi la nambala 10, kapena 9 moto ukakhala wotsika kwambiri. Rodi ya 3.2 mm, geji 10, imayenda pa maampu 90 mpaka 140 ndipo imafuna 10 kapena 11. Ya 4 mm, geji 8, yomwe imagwira pa chasisi cha lole ndi zitsulo zochindikala za ngolo, imakwera kupitirira maampu 150 ndipo pamenepo pamafunika 11 kapena 12. Wogula asasokoneze geji ya rodi ndi nambala ya galasi. Ziwirizi zimayenda mosiyana: geji ikamatsika rodi ikunenepa, ndiye nambala ya galasi iyenera kukwera.

Mmisiri amene angathe kugula galasi limodzi lokha, ndipo ntchito yake yambiri ndi ya geji 12 ndi geji 10, atenge nambala 10. Amene amalandira malole kawirikawiri awonjezere la 11, poti galasi lopanda zamagetsi ndi chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri pa galaja. Njira yomwe aphunzitsi a luso amalangiza ndi kuyamba ndi galasi lakuda kwambiri n'kumatsika mpaka chitsulo chosungunuka chioneke bwino, osati kuyamba ndi lowala n'kumakwera maso atayamba kale kupweteka.

Kuwotcherera ndi gasi n'kosiyana. Amisiri a ekizozi ndi owongola malata a galimoto omwe amagwiritsa ntchito okosijeni ndi kabaidi amafunika magalasi a nambala 5, kapena 4 pa ntchito yopepuka ndi 6 pa yolemera. Vuto limabwera pamene galaja imodzi ili ndi gasi ndi makina a magetsi omwe, zomwe n'zofala m'dera lomwe magetsi ndi osadalirika. Mmisiri amachoka pa gasi magalasi ake obiriwira ali kumaso, n'kungotola chogwirira rodi kuti agwirize pawiri patatu. Magalasi a nambala 5 amalowetsa kuwala kopitirira ka 100 kuyerekeza ndi a nambala 10, ndipo masaya, mphuno ndi khosi zimakhala zopanda chotchinga. Pawiri patatu pomwepo pakabwerezedwa tsiku lonse, usiku mchenga uja umafika.

Galasi wamba lodetsedwa ndi mwaye wa nyali kapena penti lisalowe n'komwe mu nkhaniyi. Limachititsa mdima, mboni ya diso imatseguka kuti ione, koma palibe amene anayesa ngati likutchinga cheza chosaonekacho.

Mitundu itatu yomwe ili pamsika

Wotsika mtengo kwambiri ndi chishango cha m'manja. Galasi lake likakhala lenileni chimateteza ndithu, ndipo pa mageti ndi mafelemu a zitseko chimagwira ntchito. Pa galimoto ndiye chimaperewera, chifukwa chimadya dzanja limodzi. Wowotcherera ekizozi ali chagada pansi pa minibasi amafunika dzanja lina logwirira paipi kapena lotsamira, ndipo malo oyendetsera chishango palibe. Mapeto ake amachiika pambali, ati kwa kanthawi kochepa.

Wachiwiri ndi helimeti yovala kumutu yokhala ndi galasi lakuda nthawi zonse. Manja onse awiri amakhala omasuka, ilibe batire loti lithe, ndipo galasi lake la muyeso wa 108 mm ndi 51 mm, kapena lalikulupo la 110 mm ndi 90 mm, limapezeka m'mashopu ambiri a hadiweya. Yabwino mwa izi ndi ija yomwe galasi lakuda limatseguka ngati kazenera n'kusiya galasi loyera m'kati, chifukwa mmisiri amatha kugogoda silagi kapena kuyang'ana ntchito nkhope ili yotchingidwabe. Chovuta chake ndi chodziwika: moto usanayake munthu saona kanthu. Amaika rodi pamalo, amagwedeza mutu kuti helimeti igwe, ndipo pa kagwedezedwe kameneko rodi imasuntha pang'ono. Pa chitsulo chochindikala palibe kanthu. Pa lata la chitseko cha galimoto, lomwe kuchindikala kwake nthawi zambiri sikufika 1 mm, kuphonya kamodzi ndi bowo, ndipo bowolo limafuna nthawi, rodi ndi phala lomatira zomwe mwini galimoto sadzalipira.

Wachitatu ndi helimeti yodzidetsa yokha. Inayamba kugulitsidwa mu 1981 ndi kampani ya ku Sweden ya Hörnell pansi pa dzina loti Speedglas, lomwe kampani ya 3M inagula mu 2004. Masiku ano zambiri zomwe zili pamsika ndi zopangidwa ku China, zina zabwino, zina ayi, ndipo zina zimafika m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Moto usanayake galasi lake limakhala pa nambala 3 kapena 4, moti mmisiri amaona pomwe akuika rodi. Masensa akangoona moto, galasi limada m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pa zabwino gawo limodzi mwa magawo 10,000 mpaka 25,000 a sekondi. Kwa munthu wogwiriza malata opyapyala kambirimbiri pa tsiku, kapena wogwira ntchito chogona pomwe sangagwedeze mutu, palibe chida china cholowa m'malo mwake.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogula ambiri sachidziwa. Mu helimeti yodzidetsa yopangidwa motsata muyeso, chotchinga UV ndi infrared ndi chosiyana ndi mbali yomwe imada, ndipo chimagwira ntchito nthawi zonse, batire lithe kapena lisathe. Ikalephera kuda, munthu amathobwa m'maso ndi kuwala koma sapsa. Mu yachinyengo palibe chitsimikizo chimenecho, ndipo palibe njira yoonera ndi maso pa shopu. Ichi ndicho chifukwa chake helimeti wamba yokhala ndi galasi lenileni la nambala 10 imaposa yodzidetsa yotchipa yopanda dzina, yopanda pepala, yopanda nambala iliyonse pa galasi. Ndalama zikakhala zochepa, kuli bwino kutsika mtundu kusiyana ndi kutsika ubwino.

Zomwe ntchito ya galimoto imafuna mwapadera

Helimeti yomwe ndi yabwino pa benchi si nthawi zonse imakhala yabwino pansi pa galimoto. Choyamba ndi masensa. Zotsika mtengo zambiri zili ndi awiri, pamwamba pa galasi. Munthu akalowetsa mutu pakati pa ekiselo ndi thanki, paipi kapena mkono wake womwe ungathe kutchinga masensa awiriwo pamene maso ake akuonabe moto, ndipo galasi silida, kapena limada n'kuyeranso pakati pa ntchito. Ya masensa anayi, awiri m'mwamba awiri m'munsi, siivutika choncho kawirikawiri. Kwa mmisiri wa ekizozi ndi chasisi, kusiyana kwa mtengo pakati pa ziwirizi ndi ndalama yoyenera kulipira. Kwa amene ntchito yake yambiri ndi makaliyala a njinga pabwalo, awiri akwanira.

Chachiwiri ndi kusinthika kwa nambala. Pa galasi la yodzidetsa pamalembedwa monga 4/11 kapena 4/9-13. Nambala yoyamba ndi ya pamene galasi lili loyera, zotsatirazo ndi za pamene lada. Ya 4/11 siisinthika, ndipo pa moto wochepa wa lata lopyapyala imachititsa mdima wambiri. Ya 4/9-13 ndiyo yoyenera galaja yomwe m'mawa imakonza chitseko cha galimoto yaing'ono, madzulo chasisi cha lole. Zina zimakhalanso ndi gawo la 5 mpaka 8 la ntchito ya gasi ndi kudula. Popanda gawo limenelo, helimeti yodzidetsa siithandiza pa gasi, chifukwa lawi la gasi nthawi zambiri siliutsa masensa, ndipo ngakhale litawautsa nambala 9 ingakhale yakuda kwambiri. Magalasi obiriwira aja asatayidwe.

Chachitatu ndi dzuwa. Magalaja ambiri a ku Lirangwe ndi Chileka ndi a pabwalo, pansi pa mtengo kapena kashedi ka malata, ndipo dera ili lotsikira ku Shire limawala ndi kutentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Helimeti yopanda kabatani kosinthira kumva kwa masensa imatha kuda yokha pa dzuwa, kapena pamene mnzake akuwotcherera chapafupi. Ndiye wogula aone kuti pali mabatani atatu: la nambala, la kumva kwa masensa, ndi la nthawi yomwe galasi limachedwa kuyera moto ukazima. Lachitatuli pogwiriza malata limaikidwa pafupi, kuti mmisiri aone msanga pogunda potsatira. Pa chasisi limaikidwa patali, chifukwa chitsulo chochindikala chimakhala chikuyakabe mofiira moto utazima. Dzuwa limavutitsanso mwa njira ina: likakhala kumbuyo limalowa m'helimeti n'kunyezimira pa galasi la m'kati, munthu n'kumaona nkhope yake m'malo mwa ntchito. Ambiri amaganiza kuti galasi lada kwambiri, pamene kansalu kochindikala ka thonje kapena kachikopa kotchinga kumbuyo kwa mutu kakanathetsa vutolo.

Chachinayi ndi chigoba chenichenicho. Wogona chagada amalandira timoto tonse tothetheka pamaso. Pulasitiki yopyapyala yonga ya beseni imasungunuka, ndipo tizitsulo tamoto timakonda kukodwa m'mphepete mwa galasi. Opanga ambiri amachita kulemba m'mapepala awo kuti helimeti zodzidetsa si zoyenera ntchito yolemera ya pamwamba pa mutu, kotero galaja yomwe ili ndi zonse ziwiri ichita bwino kusungira yakale ntchito zoterozo. Chigoba chikhale chotchinga makutu ndi pansi pa chibwano, koma chisakhale chachikulu ngati ndowa, apo ayi sichilowa pansi pa galimoto yotsika ndipo chidzavulidwa. Kachitsulo kamoto kolowa m'khutu kangaboole m'kati, n'chifukwa chake wogona chammbali amatseka makutu. Kulemera kukhale pafupifupi theka la kilogalamu. Lamba wa kumutu akhale ndi kagudumu komangira kumbuyo ndi zomangira zam'mbali zolimba, chifukwa pa helimeti zotchipa malo amenewa ndiwo amayamba kuthyoka galasi lili bwinobwino.

Zojambula za malawi a moto ndi zigaza pa chigoba sizitchinga kanthu. Zimangowonjezera mtengo.

Kuyesa pa shopu

Wogula asalole kupatsidwa bokosi lomata. Atulutse helimeti, ayang'ane pa galasi lenilenilo, osati pa katoni yokha. Pa galasi wamba pazikhala nambala yake ndi chizindikiro cha muyeso, monga EN 169 wa ku Ulaya. Pa yodzidetsa pazikhala EN 379, pa chigoba EN 175, kapena Z87.1 ngati yatsata muyeso wa ku America. Kutsogolo kwa EN 379 kumakhala manambala anayi monga 1/1/1/2, omwe amanena ubwino wa kaonedwe: ngati galasi silipotoza zinthu, ngati silichita chifunga, ngati kuda kwake n'kofanana ponseponse, ndi ngati silisintha munthu akayang'ana chammbali. Nambala 1 ndiyo yapamwamba, 3 yotsika. Yomalizayo ndi yofunika pa galimoto, poti mmisiri nthawi zambiri amayang'ana ntchito yake mopendekera. Zoona, zilembo zingathe kusindikizidwa mwachinyengo. Koma katundu wopanda ngakhale chilembo chimodzi wadziulula yekha.

Kenako aivale, atuluke nayo pakhomo la shopu, ayang'ane chakumene kuli dzuwa n'kudutsitsa dzanja kutsogolo kwa masensa. Yamoyo imada. Laitala ya mwala ikathethetsedwa patsogolo pake imachitanso chimodzimodzi, ndipo zambiri zimada ndi rimoti ya wailesi ya kanema. Galasi litada, azungulitse kabatani kuchoka pa 9 kufika pa 13 n'kuona ngati mdimawo ukusinthadi, chifukwa pali zina zomwe batani lake limangozungulira. Aone ngati m'makona mulibe malo owala kuposa pakati. Akweze chigoba ku dzuwa n'kuyang'ana m'kati ngati kuwala sikukulowera m'mphepete mwa galasi. Pomaliza aikweze pamutu, ayende nayo pang'ono: isagwe yokha, komanso igwe akagwedeza mutu.

Funso la batire lifunsidwe ndalama isanatuluke. Zambiri zimalembedwa kuti ndi za sola, ndipo wogulitsa amatsindika kuti sizifuna batire. Zoona zake n'zakuti m'kati mwa zambiri muli kabatire, ndipo kasola kamangothandizira. Ngati kabatireko n'komatiridwa m'kati, tsiku lomwe katha galasi lonse latha, ndipo helimeti yomwe yakhala zaka m'sitolo ingafike kwa wogula katatsala pang'ono. Yabwino ndi ya kachitseko kotsegula, yogwiritsa CR2032 kapena CR2450. Mwa awiriwa CR2032 ndiye wosavuta kupeza, chifukwa ndi yemweyo wa makiyi a galimoto ndi masikelo ang'onoang'ono.

Mtengo weniweni

Pafupifupi helimeti zonse ndi zochokera kunja, kotero mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zotere zinakwera nazo, ndipo mtengo womwe mmisiri anamva kwa mnzake miyezi itatu yapitayo si woti anyamulire ndalama. Kuli bwino kufunsa m'mashopu atatu kapena anayi, m'tauni ya Blantyre, ku Limbe ndi pa Lunzu, n'kuwonjezerapo ndalama ya minibasi. Wa ku Lirangwe amene apita m'tauni kukagula marodi ndi madisiki agulire pamodzi.

Koma mtengo wa pa shelefu ndi theka la nkhani. Kutsogolo kwa galasi lakuda kumakhala kagalasi koyera ka pulasitiki kotchinga timoto, ndipo kameneka ndiko kamadya ndalama mwezi ndi mwezi. Pa ntchito ya pansi pa galimoto kamachita tizipsera msanga. Ka helimeti wamba n'kotchipa ndipo kamapezeka paliponse. Ka yodzidetsa nthawi zina kamakhala ka muyeso wake wokha, kopindika, ndipo shopu yomwe inagulitsa helimetiyo ilibe. Zikatero mmisiri amagwira ntchito ndi kagalasi kachifunga, kapena amakachotsa, ndipo pakatha sabata galasi lodula lija ndilo lapsa. Funso likhale lachindunji: tigalasi tosinthira tilipo, n'tingati, ndipo tikatha tibweranso? Yankho likakhala lozungulira, wogula asankhe helimeti ya kagalasi ka makona anayi ka muyeso wamba, ndipo agule tingapo tsiku lomwelo.

Powerengera, mmisiri aike mbali imodzi mtengo wa helimeti, mbali ina ndalama yomwe amapeza pa masiku awiri abwino, aichulukitse ndi maulendo omwe maso anamugoneka chaka chathachi, awonjezere ya mankhwala ndi ya malata omwe anaboola chifukwa chosaona. Ambiri akawerenga moona amapeza kuti helimeti anailipira kale, kungoti sanailandire.

Zogwiritsidwapo kale ntchito, zomwe zimapezeka pamsika wa Ndirande ndi kwa amisiri osiya ntchito, si zoipa zonse. Chigoba cholimba chakale chokhala ndi galasi latsopano ndi malonda abwino. Yodzidetsa yakale ndiyo yofunika kusamala nayo: mng'alu uliwonse pa galasi, kapena banga lakuda ngati la foni yosweka, ndi chifukwa chokwanira choisiya.

Amisiri achikulire ali ndi vuto lawo. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona pafupi, ndipo ambiri amaganiza kuti galasi ndilo lakuda, n'kutsikira ku nambala 8, kapena kumasuzumira pambali. Mankhwala ake ndi magalasi owerengera ovala m'kati mwa helimeti, kapena kagalasi kokuza komwe kamalowetsedwa kumbuyo kwa galasi lakuda, ndi kusintha kagalasi ka kutsogolo kakachita chifunga. Nambala isatsike.

Kusunga, ndi zomwe helimeti siingachite

Galasi lodzidetsa limadana ndi kutentha, madzi ndi kugwa. Opanga ambiri amaika malire a ntchito pa madigiri 55, ndipo m'kati mwa galimoto yotseka yoima padzuwa la ku Chileka mungapitirire pamenepo. Isasiyidwe pa dashibodi, isaikidwe chafufumimba pa mchenga, isapukutidwe ndi petulo kapena thina. Msomali pakhoma la m'kati ndi kathumba ka nsalu n'zokwanira. Zambiri zili ndi batani la grind, lomwe limaletsa galasi kuda pogwiritsa ntchito grinder. N'lothandiza, komanso ndilo limathobwa anthu ambiri, poti munthu amaiwala kulibweza. Chizolowezi chikhale kuliyang'ana asanatole rodi.

Helimeti siisefa utsi. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, penti yakale ya galimoto ndi phula la pansi pake zimatulutsa utsi wodwalitsa, ndipo mankhwala ena otsukira mabuleki, aja okhala ndi kolorini, akakumana ndi moto wa rodi amapanga mpweya wakupha wa phosgene. Pamalo powotcherera papalidwe mpaka chitsulo chiyere, mutu ukhale kumbali yomwe mphepo ikuchokera. Helimeti siiletsanso thanki kuphulika: thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wa petulo ndiyo yoopsa kwambiri. Ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan omwe adzaza m'misewu ali ndi kompyuta, kotero waya wa batire achotsedwe ndipo waya wa ethi wa makina amangidwe pafupi ndi pomwe pakuwotchereredwa.

Pali munthu wina amene amaiwalika pa nkhani yonseyi, mnyamata wogwirira paipi. Bwana ali m'helimeti, iye ali pamtunda wa mkono umodzi kuchokera pa moto, akungotembenuza nkhope. Cheza chimamupeza chammbali, chimanyezimiranso pa penti yoyera ya minibasi ndi pa malata atsopano. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito linaika pa wolemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera, ndipo wophunzira ntchito naye ali ndi maso awiri okha. Galaja ikagula helimeti yatsopano, yakale iikidwe galasi labwino n'kupatsidwa kwa iye. Mwini galimoto, yemwe amakonda kuima pafupi kuti aone ngati ntchito ikuyenda, auzidwe mwaulemu kuti akakhale pamthunzi. Lata lakale kapena thabwa loimika mbali ya kumsewu limatchinga ana ochokera kusukulu, omwe moto wabuluu umawakopa.

Maso akapsa ndithu, chothandiza ndi kukhala m'chipinda chamdima, kuika kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira pa zikope zotseka, kumwa panado, ndi kusatikita. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a tomato kapena a masamba asalowe m'diso, chifukwa khungu lake lili ndi tizilonda ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Mankhwala odonthezera otsala kwa munthu wina asagwiritsidwenso ntchito, poti ena ali ndi ma steroid omwe amakulitsa chilonda cha diso. Ululu ukapitirira tsiku limodzi osachepa, kapena munthu akamaona mwachimbuuzi, apite kuchipatala: cha pa Lirangwe, cha pa Chileka, kapena Mlambe pa Lunzu, ndipo zikavuta amatumizidwa kuchipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth.

Diso likamapweteka limodzi lokha, makamaka pambuyo pa grinder kapena kugogoda silagi, kawirikawiri si kupsa ayi, ndi kachitsulo kokanirira. Kameneka kamayamba kuchita dzimbiri m'diso m'maola ochepa, ndipo dzimbirilo limasiya chipsera pamalo poonera. Kasachotsedwe ndi kamtengo ka machesi, ngodya ya mpango kapena maginito a sipika monga ena amachitira. Diso litsukidwe ndi madzi oyera, liphimbidwe mopepuka, ndipo munthuyo akwere minibasi tsiku lomwelo.